Eliki ya Hadley Inagwera Kuseri kwa Waya

Shayla Brekke amakhala m'nyumba yachitatu pamzere wa nyumba za antchito, kuseri kwa khola la akavalo, pa esiteti ina yaikulu ya ng'ombe m'mapiri a ku Montana. Nyumbayo si yake. Mbaula yotenthetsera m'nyumba si yake, ngakhale makatani anawapeza momwemo. Zake ndi ana awiri aakazi, pikapu yakale imene imakana kulira kukazizira, ndi mfuti imene anasiya malemu bambo ake.

Ali ndi zaka 31, ndipo akamayenda ndi mwana wake wamkulu Hadley m'sitolo anthu amayesa munthu ndi mng'ono wake. Hadley anabadwa Shayla atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sekondale, sukulu n'kuthera pomwepo. Josie anabwera mochedwa. Ali wokwawa, bambo wa anawo anapita kukagwira ntchito ku zitsime za mafuta ku Dakota. Poyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse, kenako mwezi ukatha, kenako nambala ija inayamba kuyankhidwa ndi munthu wina. Shayla anapita kwa a Merle Kittelson, kapitawo wamkulu wa esiteti, kukapempha ntchito ya kukhitchini. Sikuti ankakonda kuphika. Ntchitoyo inali ndi nyumba.

Mwini esiteti amabwera pandege kawiri pachaka. Masiku ena onse mwini wake ndi a Kittelson. Nyengo yosaka ikafika, mabwana ochokera kutali amadzagona m'chinyumba cha alendo kuti aphe nkhunzi za eliki, agwape aakulu aja a nyanga zanthambinthambi. Shayla amawaphikira, amawathirira khofi, amawachapira masokosi. Anaphunzira kulowa m'chipinda osamveka. Amadziwa a Kittelson akwiya pongomva mmene atsekera chitseko cha galimoto. Amasesanso mu ofesi, ndiye amadziwa kuti pamizati ya mpanda wa esiteti anamangirirapo timakamera, ndipo Lolemba lililonse zithunzi zake amaziona pakompyuta: nkhandwe, ng'ombe, eliki, ndi nkhope ya munthu aliyense amene wayandikira waya.

Tsiku limene analandira makiyi anasaina pepala. Linkati wantchito kapena wapabanja pake akapezeka kutchire la m'kati mwa mpanda ndi mfuti kapena nyama yakutchire, ntchito yatha tsiku lomwelo, makiyi abwezedwe pasanathe sabata. Shayla anaona pepalalo likugwira ntchito. Banja la nyumba yoyamba linakweza matiresi pagalimoto chipale chofewa chikugwa, ana atavala mabulangete. M'tauni nyumba za lendi zonse zinatengedwa ndi anthu obwera kudzapuma. Iye amadziwa kuti akachoka apa alibe kolowera, ndipo maganizo amenewa amadzuka nawo, kugona nawo.

Chaka chino Hadley, wa zaka 14, anakhoza maphunziro a kagwiridwe ka mfuti, ndipo dzina lake linatuluka pa maere a boma: chiphaso chopha eliki yaikazi imodzi m'nkhalango ya boma, imene inachita malire ndi esiteti. Lamulo limati mwana wamsinkhu umenewo azipita ndi munthu wamkulu. Wamkulu analipo ndi Shayla yekha, ndipo nthawi yake yopuma inali Lamlungu, kuyambira m'mawa mpaka 4 koloko, nthawi yosenda mbatata.

Anayenda Malamlungu anayi osaona kanthu koma ndowe. Eliki si zopusa. Mfuti yoyamba ikangolira m'nkhalango ya boma, zonse zimathawira mu esiteti, kumene kuli msipu wothirira ndipo mfuti n'zowerengeka. Hadley ankabwerera kunyumba milomo itang'ambika ndi mphepo, osadandaula, n'kupukuta mfuti ya agogo ake ngati yagwira ntchito. Kunatsala Lamlungu limodzi kuti chiphaso chithe.

Lachisanu m'mawa, Shayla akuthira khofi, anamva mmodzi wa operekeza alendo akuuza a Kittelson kuti gulu la zazikazi limadya m'munda wa msipu, ndipo kukamacha limadumpha mpanda pamene waya wapamwamba unagwa, pafupi ndi mtengo wa paini wopserera, n'kukagona m'nkhalango ya boma. Shayla sanadonthetse khofi ngakhale dontho. Anangopitirira ku kapu ina.

Bambo ake ankati usamawombere nyama imene kumbuyo kwake kuli mpanda wa eni. Mawuwo ankawakumbuka bwinobwino. Koma ankakumbukanso nkhope ya Hadley akupukuta mfuti.

Lamlungu m'bandakucha anasiya Josie kwa mayi Araceli a nyumba yachiwiri, n'kuzungulira ndi msewu wa boma. Kunali kutagwa chipale chochepa, chongokwirira udzu. Anayenda wapansi akukoka chipulasitiki chokokerapo nyama, mpaka anakakhala kuseri kwa chigogo chakugwa, mayadi mazana awiri kumtunda kwa paini wopserera uja.

"Mano anu akugundana, amayi," Hadley ananong'ona. "Muthamangitsa nyama zonse za mu Montana."

"Tseka pakamwa, mlenje iwe. Chala chili kuti?"

"Kunja kwa chokhethemulira. Mwandifunsa kasanu."

"Ndikufunsanso kachisanu ndi chimodzi."

Kutangoyera zinatulukira, zikubwera mondondozana kuchokera mu esiteti, mpweya ukufuka m'mphuno. Zinkafika pawaya, kuima pang'ono, n'kudumpha imodziimodzi ngati sizikulemera. Shayla anawerenga khumi ndi zitatu. Anagwira mkono wa mwana wake.

"Dikira zikwere. Zitalikire mpanda."

Zinakwera pang'ono, kenako yotsogola inaima n'kutukula mphuno. Mphepo inali itatembenuka. Shayla anadziwa kuti zikangonunkhiza munthu, zapita.

"Yachitatu kuchokera kumanja ilibe mwana," anatero Hadley, tsaya lili pamfuti. Mawu ake anali phee ngati a munthu wamkulu. "Ndiombe?"

Shayla anayang'ana eliki, anayang'ana waya kumbuyo kwake. Panali mayadi ngati makumi asanu ndi limodzi.

"Omba."

Mfuti inalira, phiri linayankha. Eliki ija inapinda msana. Zinzake zinabalalika kulowera kumtunda, koma iyo inatembenuka n'kuthamangira kumene inachokera. Inafika pa paini wopserera, inadumpha, mimba n'kukhula waya. Inayenda mwapendapenda m'kati mwa esiteti, miyendo yakutsogolo inagonja, n'kugwa chammbali. Inapalasa kawiri. Basi.

Hadley anachotsa zipolopolo zotsala monga anamuphunzitsira, anatsamiritsa mfuti pachigogo, kenako anangodzuka n'kuyamba kuthamanga akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Shayla anamupeza patatsala pang'ono kufika pawaya, n'kumugwira chipewa cha jekete.

"Ima pomwepo."

"Yagwa, amayi! Mwaiona? Yagwa!"

"Ndaiona. Waomba bwino, mwanawe. Tayang'ana mzati uwo."

Pamzati wachitatu kuchokera pa paini panali kabokosi kobiriwira, diso lake lagalasi litaloza pamene waya unagwa. Eliki inali gone kuseri kwake, mayadi makumi atatu m'kati, ubweya wake wofiirira ukufuka nthunzi.

"Tingoikoka msangamsanga," Hadley anatero. "Ndi apa pomwepa."

"Nyama yolemera ngati anthu anayi? Uikoke ndi chiyani, ndi pakamwa pakopo?"

"Ndiye ndiphimbe kamerayo ndi chipewa."

"Chithunzi chomaliza chikhala cha nkhope yako, chipewa chili m'manja. Mawa 8 koloko a Kittelson achiona akumwa khofi wanga."

Shayla anakhala pansi m'chipale. Akadumpha, nyumba yapita. Akaisiya, nyamayo ionongeka, ndipo kusiya nyama kuti iole ndi mlandu wina kwa a gemu, aboma oteteza nyama zakutchire. Ngakhale a gemu eniakewo sangalowetse munthu m'malo a eni popanda mwini kulola. Njira inali imodzi yokha, kuimbira a Kittelson. Ndipo a Kittelson akaganiza kuti chipolopolo chinaipeza nyamayo ili m'kati mwawo, makiyi adzawafunabe.

Atabwerera pachigogo, Hadley anawerama kuti atole chikhokho cha chipolopolo chimene chinagwera m'chipale.

"Usatole."

"Ndi changa choyamba. Ndikufuna kusunga."

"Udzasunga. Pakali pano chisiye pamene chagwera."

Umu ndi mmene bambo ake a Shayla ankachitira. Mfuti ikalira, munthu asanapite kulikonse, amange kansalu pamene anakhala, kena pamene nyama inaima, kena pamagazi oyamba. Iwo ankatero kuti nyama yovulala isawasowe. Shayla anatulutsa mpukutu wa tinsalu taolenji m'thumba, anamanga pachigogo, n'kutsika pambali pa mapazi a nyama osawaponda. Pamene eliki inaima anapeza ubweya woduka utamwazika pachipale, ndi magazi ofiira owala, athovu. Anazika kamtengo n'kumangapo kansalu.

Foni inkagwira pamwamba pa chitunda pokha. Anakwera yekha, akupuma movutikira. A Kittelson anayankha kachitatu, monong'ona.

"Shayla, ndili ndi mlendo, nkhunzi ili patsogolo pathu. Khitchini yapsa?"

"Ayi bwana. Pepani kukusokonezani. Hadley waomba eliki m'nkhalango ya boma, koma yadumpha waya n'kugwera kwanu. Pa paini wopserera."



"Pa paini wopserera," a Kittelson anabwereza pang'onopang'ono. "Waponda?"

"Sitinaponde, bwana."

"Usaponde. Ndikamaliza kuno ndibwera ndidzaone ndi maso anga. Aliyense amati inali kunja. Ndikapeza kuti inali m'kati, pepala lija ukulidziwa."

Shayla anafuna kunena kuti nyama ikapanda kutumbulidwa msanga imasasa, koma anali atadula kale. Anati ajambule magazi aja ndi foni akatsika, koma pofika pansi foniyo inali itazima ndi kuzizira.

Anakhala pafupi ndi waya n'kumadikira. Anadya buledi wopaka chiponde, kumwa khofi wa m'fulasiki. Dzuwa linakwera. Cha m'ma 9 koloko kunayamba kuomba mphepo yofunda ija yotsika m'mapiri, imene imadya chipale ngati moto. Hadley anamasula zipi ya jekete n'kunena kuti bola kwafunda. Shayla anamva madzi akudontha m'nthambi za paini, n'kuyang'ana kumtunda. Malo otsetsereka aja, pamene panali poyera, panayamba kuoneka udzu. Mapazi a eliki ankakula, kuphwanyika m'mbali, n'kusanduka madzi. Nkhani yonse ya mmene zinachitikira inali italembedwa pachipale, ndipo chipalecho chinali kutha.

"Dzuka. Tenga chipulasitiki chija."

Anachivundikira chafufumimba pamwamba pa magazi oyamba ndi ubweya uja kuti dzuwa lisafikepo, n'kutsendereza ndi miyala. Kenako anayamba kutsata magazi kulowera kuwaya, dontho lililonse kamtengo ndi kansalu. Tinsalu tinatha asanafike pakati. Shayla anavula mpango wake wofiira wa m'khosi, umene Hadley anamugulira pa Khirisimasi, n'kuyamba kuucheka ndi mpeni.

"Amayi, mpango wanga umenewo."

"Unandipatsa. Gwira uku."

Anagwira ntchitoyo chogwada, maondo atanyowa, akupikisana ndi dzuwa. Pena magazi anali atasungunuka kale, kungotsala kadontho kofiirira pa tsamba la udzu, ndipo Shayla ankachita kuika nkhope pansi kuti akaone. Pomaliza panali mzere wa tinsalu, taolenji kenako tofiira, wokhotakhota kuchokera pachipulasitiki mpaka pawaya, pamene panakodwa ubweya wa kumimba.

Akhwangwala anafika cha m'ma 10. Woyamba anatera pa paini wopserera, wachiwiri patsaya pa eliki. Hadley anatola mwala.

"Mwala ukuloledwa kulowa, kapena nawonso usaine pepala?"

"Ponya. Koma usagende kamera."

Anaponya miyala mpaka phewa linawawa. Akhwangwala ankangodumpha pang'ono n'kubwerera. Mimba ya eliki inayamba kufufuma, mwendo wakumbuyo n'kumatukuka pang'onopang'ono. Onse awiri ankadziwa tanthauzo lake. Kutentha kwa m'kati kunalibe potulukira, ndipo nyama imayamba kusasa kuchokera pafupa.

Hadley anagwira waya ndi manja awiri. Sanalinso kuseka.

"Ikuonongeka ife tikuyang'ana. Ndaipha ine, ndiye ingoola choncho? Mumawaopa a Kittelson ngati ndi Mulungu."

"Sindiopa a Kittelson. Ndimaopa chisanu cha Januwale tilibe nyumba."

"Agogo akanadumpha."

"Agogo ako anali ndi nyumba yawo."

"Ndiye tizingokhala chonchi mpaka liti? Mpaka mudzakalambe mukuthira khofi?"

Shayla anangoimirira kumbuyo kwa mwanayo, pafupi kwambiri, dzanja lili chire kuti phazi likangokwera pawaya amugwire lamba. Ankaona minofu ya m'khosi mwa Hadley ikukungika. Mwanayo anali wamtali kumuposa tsopano. Akanafuna kudumpha, Shayla sakanatha kumuletsa.

Phazi silinakwere. Hadley anasiya waya, n'kukakhala patali atafulatira.

Dzuwa lili pamutu anamva injini kuchokera m'kati mwa esiteti. Kagalimoto ka m'tchire kanaima pafupi ndi eliki. Munatsika a Kittelson, munthu wowonda wa ndevu zaimvi, ndi mlendo wonenepa wa ku Texas amene Shayla anamukazingira mazira sabata yonse. Kumbuyo kwa kagalimotoko kunalibe nyanga. Nkhunzi ija inawathawa.

A Kittelson sanapereke moni. Anazungulira eliki, anagwada, analowetsa chala pabala. Anayang'ana pansi pozungulira kufuna mapazi a munthu, ndipo sanawapeze. Kenako anaponda waya n'kutulukira mbali ya boma, poti iwo mbali zonse ndi zawo kuyendamo. Anaima pa kansalu kofiira koyamba. Chipale chinali chitatha chonse, kungotsala matope ndi udzu.

Anatsata tinsaluto chokwera, pang'onopang'ono, akuwerama pa kalikonse. Shayla ankawatsatira patali, manja ali m'khwapa. Atafika pachipulasitiki anachotsa miyala n'kuchitukula. Pansi pake panali kachigamba ka chipale kokula ngati thireyi, kofewa, koma magazi athovu ndi ubweya woduka zinali pomwepo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapitirira mpaka pachigogo, anatola chikhokho chija, anachinunkhiza, n'kucheuka kuyeza mtunda ndi maso.

"Waomba ndiwe, mtsikana?"

"Ndine," Hadley anayankha.

"Kangati?"

"Kamodzi."

"Mapapo onse awiri." Anamuponyera chikhokhocho, iye n'kuchiwakha. "Inali kunja. Za tinsaluzi ndi za Arlo Brekke, ndikuzidziwa. Ndinasakapo naye bambo akowo, Shayla."

Koma a Kittelson anali asanathe. Anamuyandikira n'kutsitsa mawu kuti mlendo asamve.

"Nkhalango yonseyi, mamailosi ndi mamailosi, iwe n'kudzakhala ndendende pamene zimadumphira. Waya umenewu wagwa mwezi uno. Anakuuza ndani?"

Shayla akanatha kunena kuti anaona mapazi. Akananena kuti ndi mwayi. Koma a Kittelson ankakumbuka amene anali m'chipinda Lachisanu, ndipo iye ankadziwa kuti akukumbuka. Hadley anali akumuyang'ana.

"Ndinamva ndikuthira khofi, bwana."

"Makutu ako ndi aatali."

"Pepani, bwana."

"Zoyankhulidwa patebulo langa ndi za esiteti, ngati supuni ndi mafoloko. Sizituluka."

Shayla anayang'ana nsapato zawo. Ankaganiza za matiresi, kuti pikapu yake inganyamule angati ulendo umodzi.

"Merle, taimani kaye," mlendo uja anaitana ali kuseri kwa waya, akuseka. "Mwana wasukulu wagwetsa ndi chipolopolo chimodzi, ine ndaphonya kawiri nkhunzi yaikulu ngati basi. Muloleni atenge nyama yake. Kapena mundibwereke iyeyo mawa azikandiombera, ine ndizingojambulitsa."

A Kittelson anaseka pang'ono, kuseka kosekera mlendo. Anatulutsa kabuku m'thumba la malaya, analemba mizere iwiri, anasaina, n'kung'amba tsambalo kupatsa Shayla.

"Chilolezo cha lero lokha. Mfuti itsale kunja. Ndipo 4 koloko mbatata zikhale zikusendedwa."

Hadley anadutsa pawaya ngati mphepo. Asanakhudze nyama anatulutsa chiphaso chake, anadula ndi mpeni tsiku ndi mwezi, n'kuchimangirira kumwendo. Mlendo uja anaviika chala pabala n'kumupaka magazi m'masaya onse awiri, akuti kwawo amatero kwa woyamba kupha. Kenako Shayla anagwira mwendo, Hadley n'kulowetsa mpeni. Mpweya wa m'mimba unatuluka ndi fungo loti mlendo anabwerera m'mbuyo akutsokomola. Mwanayo sanatembenuze nkhope. Anang'amba chikopa mpeni utaloza kumwamba, zala ziwiri zikutsogolera kuti asaboole matumbo, manja ali magazi mpaka m'zigongono.

A Kittelson sanachoke. Anatsamira kagalimoto kawo akuyang'ana manja a mwanayo.

"Wakuphunzitsa ndani kugwira mpeni chonchi?"

"Amayi. Pa agwape a anthu ena."

"Uli ndi zaka zingati?"

"Fotini."

"Kushedi yosendera nyama ndikusowa munthu. Anyamata ndili nawowa amaboola zikopa ngati akusoka. Kwathu kuno alendo amasaka mpaka Febuluwale. Loweruka ndi Lamlungu, ukufuna?"

Hadley anatukula mutu, masaya ali magazi, maso akuwala. Anayang'ana amayi ake.

"Amayi, mwamva?"

"Ndamva."

"Pali pepala losaina," a Kittelson anatero akukwera kagalimoto. "Amayi ako akulidziwa. Iwe Shayla, nyumba ikhale. Koma kuyambira mawa patebulo azithira khofi ndi Araceli. Iwe ukhala kumapoto ndi kochapira. Kumeneko makina amasokosera, sumva zambiri."

"Zikomo bwana."

Atapita, anasenda nyamayo mwachangu n'kudula miyendo. Shayla anaika mphuno pafupa la ntchafu iliyonse. Itatu inali bwino. Ntchafu imene inagonera pansi inali itayamba kununkha chowawasa mkati, pafupa penipeni, ndipo anachekapo chigawo chachikulu n'kuwasiyira akhwangwala.

Pomaliza mwanayo anatsegula kukamwa kwa eliki n'kugwebula mano awiri akumwamba aja, osalala ngati mikanda, amene mlenje aliyense amasunga. Anawapukuta pabuluku.

"Limodzi lanu. Lolipira mpango."

"Mpango unali wofunda. Dzino ndifunda bwanji?"

"Ndikugulirani wina. Ndayamba ntchito ine."

Nyama anaidutsitsa pansi pa waya chiwalo chimodzichimodzi. Shayla anali kunja akutukula waya wapansi, Hadley ali m'kati akukankha. Chiwalo chomaliza chitadutsa, mwanayo sanatuluke msanga. Anaima m'katimo manja ali m'chiuno, akuyang'ana munda wa msipu, makola, ndi denga la shedi limene linkanyezimira kutali.

"Ndi kokongola mbali ino, eti amayi?"

"Tuluka. Nthawi yatha."

Anakoka chipulasitiki maulendo awiri mpaka pa pikapu. Pikapu inalira ulendo woyamba, poti kunali kofunda. Pofika kunyumba Shayla analowetsa kiyi pachitseko, n'kuima pang'ono asanapotokole. Chinatseguka ngati masiku onse. Anapachika nyama m'kashedi ka nkhuni, anapsompsona Josie pakhomo pa mayi Araceli, anasamba m'manja kawiri, fungo la eliki osachoka.

Anafika kukhitchini patatsala mphindi zisanu kuti 4 ikwane. Patebulo losendera mbatata panali pepala, cholembera chili pamwamba. Linali lofanana ndi lake lija, mawu omwewo, za mfuti, za nyama, za makiyi pasanathe sabata. Pamwamba a Kittelson anali atalembapo kale dzina la Hadley Brekke ndi zilembo zazikulu. Pansi panali mzere wa kholo.

Shayla analiwerenga lonse, ngakhale ankalidziwa pamtima. Anapisa dzanja m'thumba, anakhudza dzino lija, lidakali ndi kanyama kouma kumizu. Panja anamva chitseko cha galimoto ya a Kittelson chikutsekedwa, mosamenyetsa. Anasaina, anakankhira pepalalo pambali kuti lisanyowe, n'kutenga mbatata yoyamba.